Mthenga Asanakhale Pansi

Mwana anabadwa dzuwa likutuluka, ndipo pamene linkafika pamwamba pa mpanda, mayi wake anali atapita.

Tsuneoki anali pakhonde nthawi yonseyo, uta wopanda muvi uli m'manja. Ntchito yake inali kuliza chingwe cha utawo kuti mizimu yoipa isayandikire chipinda chimene mlongo wake Chikako ankaberekeramo. Analiza mpaka zala zinatuluka matuza. Atamva kulira kwa khanda anaseka yekha ngati wamisala, n'kumalizabe. Kenaka wansembe amene ankaimba mapemphero m'katimo anasiyira pakati pa mawu. Azimayi anayamba kuthamanga ndi mbale za madzi. Patapita kanthawi anasiya kuthamanga.

Amene anatuluka ndi Koma, mayi wachikulire amene anayamwitsa Chikako ndi Tsuneoki yemwe. Monga aliyense m'nyumbamo tsiku la uchembere, anali atavala zoyera, koma manja a chovala chake anali atafiira mpaka m'zigongono.

"Siya utawo, mwanawe," anatero. "Sakukumvanso."

Tsuneoki sanausiye. Zala zinakana kutambasuka.

Bambo ake, a Arimune, anatulukira kuseri kwa Koma nkhope ili gwa. Anayang'ana azimayi amene anaunjikana pakhomo.

"Pasapezeke wolira," anatero motsitsa mawu. "Amene atulutse mawu ndimugulitsa kumigodi ya mchere. Mwana wanga wagona, watopa. Mwamva?"

Chikako anali mmodzi wa akazi aang'ono a Mikado, mfumu ya dziko lonse. Pakati patakula anamubweza kwa bambo ake, chifukwa magazi sakhetsedwa m'nyumba yachifumu. Mikado analibe mwana wamwamuna. Ndiye khanda litangolira, Koma n'kunena kuti ndi mwamuna, a Arimune anathamangitsa wokwera pahatchi kukanena. Mwambo unali woti Mikado akavomera kuti mwanayo ndi wake, atumize lupanga tsiku lomwelo, ligone kumutu kwa khandalo. Tsopano mthenga wa lupangayo anali m'njira.

Tsuneoki anatsatira bambo ake mpaka kuchipinda chakunja cholandirira alendo, kumene antchito ankayala chokhalira chatsopano cholukidwa ndi udzu.

"Bambo, mthengayo akakhala pansi bwanji?"

"Akhala, nanga aimirire ngati mlonda? Akhala, apereka lupanga, amwa chikho chake, alandira mkanjo wa mphatso, azipita. Mawa m'mamawa tidzalengeza kuti mlongo wako watisiya usiku."

"Koma imfa ili kale mumpanda muno."

"Ndikudziwa kumene ili imfa. Ndine ndamutseka maso."

Panalibe chofotokoza, ngakhale mwana wamng'ono mumzindamo ankadziwa. Imfa ikalowa mumpanda, zonse za m'katimo zimadetsedwa mwezi wathunthu. Mlendo akhoza kuima chilili pabwalo, kupepesa maliro, n'kutuluka ali woyera. Koma akangokhala pansi, imfayo yamukwera, ndipo kulikonse kumene akakhalenso akaisiya komweko.

"Akachoka pano akakhala pamaso pa Mikado," anatero Tsuneoki. "Titumize imfa kunyumba yachifumu, bambo? Zikadziwika..."

"Akanene ndani? Iwe?"

A Arimune anamuyandikira mpaka Tsuneoki anamva fungo la thukuta la usiku wonse.

"Agogo anga anali mwana wa Mikado wa nthawi imeneyo. Anabadwira m'nsalu zoyera ngati zomwezi. Chifukwa amayi awo analibe bambo wamphamvu, anawapatsa dzina la anthu wamba n'kuwatulutsa pachipata. Bambo anga anatsika. Ine ndinatsikanso, ndakalamba ndikugwadira ana a anthu amene ankagwirira agogo anga nsapato. Iwe ndiye usanene, sukulu ya alembi unaithawa. Lero mlongo wako watibwezera pamene tinachoka. Khanda lili m'katimo ndi mwana wamwamuna woyamba wa Mikado. Ndi lupanga ndi kalonga. Popanda lupanga ndi kamwana kamasiye ka m'nyumba yodontha. Ukufuna mlongo wako afere chabe?"

Tsuneoki anagwada, n'kutuluka.

Anakapeza Koma akuchita zimene analamulidwa. Chipinda cha Chikako chinali moyang'anizana ndi cholandirira alendo, bwalo la timiyala toyera lili pakati. Mtembo wake anaugoneka pafupi ndi chotchinga cha nsungwi, ndipo Koma ankatulutsa tsitsi lake lalitali kunsi kwa chotchingacho, pamodzi ndi nsonga ya dzanja la chovala, kuti mlendo akaponya maso aone kuti mayi akupuma. Ankalipesa misozi ikugwera pachipesocho, pakamwa atatseka ndi mano.

Tsuneoki anagwada pambali. Nkhope ya Chikako inali itachepa. Panali kabala kakang'ono pachibwano kamene iye anamupweteka ali ana, polimbirana kamba wa m'dziwe. Chikako sanakanene kwa bambo. Anangomuuza kuti, "Uli nane ngongole, kambawe," ndipo kuyambira tsiku limenelo ankamutcha Kamba, ngakhale atakwatiwa kunyumba yachifumu.

Khanda linali m'manja mwa mtsikana woyamwitsa, lofiira, lokwinyika, likuyamwa mwaukali ngati lakwiyira aliyense.

Tsuneoki analiyang'ana, ndipo chimene anaona ndi ngolo.

Anali ndi zaka zochepa pamene inadutsa mumsewu wawo, ngolo ya ng'ombe yokhomedwa matabwa m'mazenera, asilikali mbali zonse. M'katimo munali kalonga wina, mkulu wake wa Mikado wa lero, kamnyamata kosatha n'komwe kumanga lamba. Amayi ake sanali a kubanja la Nduna Yaikulu, ndiwo unali mlandu wake. Kunamveka kuti abale a mayiyo akwirira kachidole kolodzera pansi pa khonde la mwana wamkazi wa Nduna, mayi wa Mikado wa lero. Kachidoleko kanapezekadi, pamalo penipeni pamene wokumba anayambira kukumba. Amalume a kalongayo anawaponya kuzilumba, iye anamutsekera m'kachisi wa kutali, ndipo sanathe chaka. Anati anadwala. Kuyambira pamenepo, mphezi ikagwa mumzinda, Nduna imakweza udindo wa malemuyo kuti mzimu wake ufatse. Anthu ankati kamwanako kakwera maudindo ambiri kali m'manda kuposa bambo aliyense wamoyo.

Tsiku la ngoloyo Chikako anamutseka Tsuneoki maso ndi manja, koma makutu sanamutseke. M'ngolomo munkamveka kugogoda, pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mwana wopempha kuti amutsegulire akataye madzi.

Chikako sanaiwale. Atabwera kudzadikira nthawi yake, anamuuza akusisita mimba, "Kamba, undipempherere akhale wamkazi. Wamkazi amangomuiwala."

Tsuneoki anayang'ana uku ndi uku m'chipindamo. Pamene pankakhala wansembe panali mkeka wokha ndi mbale ya lubani yozima.

"Amayi Koma, wansembe uja ali kuti?"

"Watuluka kale, chitseko cha kumbuyo."

"Atalandira mphatso yake?"

Mayi Koma anaimitsa chipeso. "Ayi. Nsalu zake zili apo."

Tsuneoki anayang'ana nsaluzo. Wansembe wosiya nsalu anali asanamuonepo chibadwire. Ndipo uyu sanali wa kachisi wawo. Anachita kutumizidwa ndi Nduna Yaikulu mwezi wathawo, ndi mawu okoma, kuti adzathandize mwana wa a Arimune pa nthawi yake. Nduna yomweyo imene inali agogo a Mikado kuchikazi, ndiponso bambo a Mfumukazi, mkazi wamkulu, amene nayenso anali wodwala pakati, masiku atayandikira.

Tsuneoki anathamangira kwa bambo ake. Anawapeza akuvekedwa chisoti chakuda cha udindo.

"Bambo, wansembe wa Nduna wathawa. Anaona zonse."

"Watopa, waimba usiku wonse. Akanakhala kuti wakanena, bwenzi lupanga likubwera? Mthenga wamisala ndani angalowe dala m'nyumba ya maliro? Pita ukasambe kumaso. Ukaime pamakwerero, ndiwe malume a kalonga. Ndipo utawo ukautaye, ukuoneka ngati wosaka mbewa."

Anasamba kumaso. Utawo anaiwala kuusiya.

Dzuwa lili paliwombo anamva kulira kwa magudumu, kwii, kwii, kukuyandikira. Anadziuza kuti mwina bambo akunena zoona. Mwina wansembe anangotopa. Mwina pofika madzulo lupanga likhala lili kumutu kwa khanda, Chikako n'kukhala mayi wa kalonga, ngakhale ali wozizira. Anayang'ana tsitsi lija lili kunsi kwa chotchinga. Ntchentche imodzi inali itaterapo.

Chipata chinatseguka. Analowa asilikali, kenaka onyamula bokosi lalitali lokutidwa ndi nsalu yagolide, kenaka mthenga. Tsuneoki anamuzindikira msanga. Anali Takasue, mwana wa mlongo wake wa Nduna, amene anakhala naye mkeka umodzi kusukulu ya alembi.

"Eee, taonani!" anatero Takasue akumwetulira. "Wothawa sukulu uja lero ndi malume a kalonga. Ife tikuswa mitu ndi mabuku, osadziwa kuti njira yachidule ndi kukhala ndi mlongo wokongola. Uta n'ngwachiyani, mnzanga? Ukufuna kundilasa ndi mphepo?"

Asilikali anaseka. A Arimune anaseka kuposa onse, akugwada.

"Takulandirani, bwana. Mwatilemekeza, nyumba yosauka ino."

"Ulemu ndi wanga, bambo. Mikado wakondwa mpaka misozi. Ndi Mfumukazi yomwe yakondwa, simungakhulupirire. Yandiuza kuti ndikachoka pano ndisapatuke, ndipite molunjika kuchipinda chake, ndikakhale pafupi ndi chotchinga ndiifotokozere zonse. Paja nayo masiku akwana."

Ananena zimenezi akuyenda, timiyala tikulira kunsi kwa nsapato. Ndipo Tsuneoki anadikira funso.

Takasue yense uja anali ndi funso lake. Kusukulu ankamuseka nalo. Tsiku lina mphaka atafera pansi pa khonde la sukulu, anzake onse analowa, iye anabwerera pachipata n'kukhala kwawo mpaka masiku a chidetso atatha. Sankalowa mumpanda wa munthu osaima kaye pakhomo n'kufunsa, "Muli bwino monse muno? Simunafe kanthu, ngakhale galu?" Anyamata ankamuyeserera mawu ake apamphunowo.

Lero analowa m'nyumba ya uchembere, mmene imfa imakonda kubisala, atanyamula lupanga la Mikado, osafunsa. Sanafunse za galu. Sanafunse ngakhale kuti mayi wa mwana wadzuka bwanji. Anaponya diso kamodzi ku tsitsi lija kunsi kwa chotchinga, n'kulichotsa msanga, n'kuwonjezera liwiro.

Akudziwa.

Tsuneoki anaona zonse zikubwera, chimodzi pambuyo pa chinzake. Takasue akhala pansi, amwa chikho, apita kukakhala pafupi ndi Mfumukazi. Mawa wansembe adzaima pabwalo n'kulumbira kuti Chikako anamwalira dzuwa lisanakwere. Adzati nyumba ya Arimune inabisa maliro dala kuti itumize imfa ku mimba ya Mfumukazi. Sipadzafunikanso kukumba kachidole. Bambo ake ndi iye adzapita kuzilumba. Ndipo khanda, lili ndi lupanga kumutu kuti aliyense adziwe kuti ndi kalonga woyamba, lidzakwera ngolo yokhomedwa matabwa.

Takasue anavula nsapato. Anakwera makwerero, n'kudutsa pafupi kwambiri moti mkanjo wake wonunkhira unakhudza dzanja la Tsuneoki. A Arimune anatambasula mkono kuloza chokhalira chija.

Tsuneoki anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Anamva mawu a bambo ake aja, ukufuna afere chabe? Anaganiza kuti mwina akulota zoopsa masana, mwina Takasue wangokula n'kusiya mantha ake a paubwana, mwina iye, Kamba wopusa, ali pafupi kulanda mwana wa mlongo wake dziko lonse chifukwa cha mphaka wakufa wa kusukulu.

Takasue anakonza mkanjo kumbuyo. Mawondo anayamba kupindika.

M'chipinda chija khanda linalira.

"Musakhale!"

Mawuwo anatuluka osweka, ngati a tambala wophunzira kulira, koma anafika mpaka kuchipata. Asilikali onse anacheuka.

"Musakhale pansi, bwana. M'nyumba muno muli maliro."

Takasue anaima pomwepo, mawondo ali opindika, chokhalira chili chala chimodzi kunsi kwake. Akanatha kungodzigwetsa. Tsuneoki anaona m'maso mwake kuti waganizapo. Koma asilikali onse anali atamva, ndi onyamula bokosi, ndi woyendetsa ngolo. Munthu wochenjezedwa pamaso pa anthu akakhala, chidetsocho n'chake.

Takasue anawongoka pang'onopang'ono. Kumwetulira kuja kunali kutachoka.

"Pepani kwambiri," anatero mokweza. "Zachisoni."

Sanafunse kuti wamwalira ndani.

"Mwanayu wasokonezeka mutu!" a Arimune anakuwa. "Sanagone, bwana, akubwebweta. Mwana wanga ali apo, onani tsitsi lake, akupuma!"

"Ndiye mumuitane, bambo," anatero Takasue. "Ayankhe kamodzi kokha, ine ndikhala."

Mphepo inagwedeza nsonga ya dzanja la chovala lija, n'kuisiya.

A Arimune anagwa pamawondo n'kugwira mpendero wa mkanjo wa mnyamata woti akanakhala mwana wawo.

"Lisiyeni lupangalo, bwana. Perekani muli chiimire. Mwanayo ndi wamoyo, ndi wa Mikado, mwanena nokha kuti walira ndi chimwemwe."

"Lupanga la Mikado saperekera choimirira ngati nsomba pamsika. Ndipo silingagone m'nyumba ya maliro. Mukudziwa zimenezo kuposa ine."

"Nanga mwezi ukatha?"

"Mwezi ukatha Mfumukazi idzakhala itachira. Tidzaona ngati alipo amene adzakumbuke."

Anachotsa mkanjo wake m'manja mwa nkhalambayo mofatsa, n'kutsika makwerero. Povala nsapato anawerama pafupi ndi Tsuneoki, n'kulankhula mosayang'ana, mawu oti amve awiri okha.

"Wandivutitsa, mnzanga. Amalume akandifunsa zambiri." Anamanga chingwe cha nsapato. "Kuphiri kuli ansembe amene amalera ana opanda mayi. Mwanayu mukamumete kumeneko akadali wamng'ono, anthu aone mpala. Wometedwa salowa ufumu. Koma ndaonapo ambiri atakalamba."

Bokosi lagolide linatembenuka n'kutuluka pachipata mmene linalowera.

A Arimune sanadzuke. Anakwawa n'kukhala pa chokhalira chatsopano chija, chisoti chitapendekeka, maso ali kuchipata.

"Wamupha kawiri," anatero. "Mlongo wako wamupha kawiri. Usadzanditchulenso bambo."

Tsuneoki anagwada pamaso pawo mpaka chipumi chinakhudza thabwa. Sanapepese. Sankadziwa ngati walakwa, ndipo anazindikira kuti sadzadziwa mpaka kalekale. Pogwadapo utawo unagwa m'manja mwake wokha.

Amene anayamba ndi Koma. Kulira kumene anakutsekera ndi mano kuyambira m'mawa kunatuluka konse nthawi imodzi, azimayi ena n'kulandira, nyumba yonse n'kudzaza. Tsuneoki anawoloka bwalo. Anagwada kunja kwa chotchinga, n'kuingitsa ntchentche ija. Anasonkhanitsa tsitsi la mlongo wake m'manja onse awiri, lolemera, lozizira, n'kulibwezera m'kati. Anabwezanso dzanja la chovala.

"Basi, achemwali," anatero. "Gonani tsopano. Palibenso wokuonererani."

Mtsikana woyamwitsa ankalira moti khanda linkagwedezeka m'manja mwake. Tsuneoki analitenga. Anali asananyamulepo mwana, ndipo Koma, ali pakati pa kulira, anamukonza chigongono kuti mutu usalendewere.

Anakhala pansi pafupi ndi Chikako, makutu ali kumsewu. Magudumu aja ankamvekabe, kwii, kwii, kukuchepa. Anadikira kuti amve ziboda za mahatchi a asilikali zikubwera m'malo mwake. Galu anauwa kutali, iye n'kudzutsa mutu. Wogulitsa makala anadutsa akuitanira malonda. Mahatchi sanabwere. Anadziwa kuti mawa adzamvetseranso chimodzimodzi, ndi mkuja, mpaka tsiku limene adzakwere phiri ndi mwanayu kumsana.

Khanda linali litagona, kadzanja katagwira chala chake cha matuza. Linalibe dzina, kumutu kwake kunalibe kanthu. Linabadwa ndi tsitsi lambiri, lakuda bii, la mayi ake lenileni. Tsuneoki analisisita ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, kuyambira pachipumi mpaka kunkhongo, pamene lumo lidzadutse.